Tchuthi pa ntchito ku Japan: mafunso ndi mayankho

Dzina la Japan likamveka kwathu kuno, ambiri timakumbuka galimoto zimene zimatsikira pa doko la Dar es Salaam, kenako mbiri ija yakuti anthu akumeneko sadziwa kupuma. Mbiriyo ili ndi pogwira, koma sikuti kulibe malamulo a tchuthi. Alipo, ndipo ena ndi okoma kuposa mmene munthu angaganizire. Chosokoneza n'chakuti tchuthi chilichonse chili ndi khomo lake: china amalipira abwana, china inshuwalansi, china amakulolani kupita koma palibe amene amakupatsani kanthu. Mayankho ali m'munsiwa akusonyeza khomo loyenera kugogoda.

Lamulo lake ndi liti, ndipo limatetezanso alendo?

Lamulo lalikulu la ntchito limatchedwa Rōdō Kijun-hō, ndipo linakhazikitsidwa mu 1947. Gawo 39 ndi limene limanena za tchuthi cholipidwa cha pachaka, chimene m'maofesi amangochitchula mwachidule kuti yūkyū. Mawu amenewa muwasunge, chifukwa ndi amene mudzawaona pa pepala la malipiro.

Gawo 3 la lamulo lomweli limaletsa kusankha wantchito chifukwa cha dziko limene wachokera. Ndiye kuti Mmalawi wogwira ntchito m'fakitale ku Aichi, mphunzitsi wa Chingelezi ku Osaka, kapena wophunzira amene amapakira katundu madzulo, onse ali pansi pa lamulo limodzi ndi eni dziko. Amene analembedwa kudzera ku kampani yotumiza antchito, yotchedwa haken, tchuthi chawo chimachokera ku kampani yowatumizayo, osati kumene akugwirako.

Amene ayenera kuchenjera ndi osayina kontrakiti ya gyōmu itaku. Pa pepala, munthu wotere si wantchito koma wabizinesi amene akugulitsa luso lake, choncho yūkyū alibe. Aphunzitsi ena a zinenero amazindikira zimenezi atadwala kale. Werengani mutu wa kontrakiti musanaike dzina.

Ndimapeza masiku angati pachaka?

Mukakwanitsa miyezi 6 pa kampani imodzi, ndipo mwafika kuntchito masiku osachepera 80 pa masiku 100 aliwonse amene munayenera kugwira, mumalandira masiku 10. Kuchokera pamenepo amakwera chaka ndi chaka: 11 pa chaka chimodzi ndi theka, 12 pa zaka ziwiri ndi theka, kenako 14, 16, 18, mpaka 20 mukafika zaka 6 ndi theka. Apa ndiye pothera pa lamulo, ngakhale mutakalambira pakampanipo.

Taonani kuti miyezi 6 yoyamba ndi yowuma. Makampani akuluakulu ena amapereka masiku angapo tsiku loyamba lomwe, makamaka kwa olowa ntchito mu Epulo pamene chaka cha ntchito chimayamba, koma ndi kufuna kwawo. Ndipo mukasintha kampani, kuwerenga kumayambiranso pansi. Amene anali ndi masiku 20 kwina amabwerera pa 10, kupatula ngati akambirana bwino polowa.

Powerenga masiku 80 aja, masiku amene munali pa yūkyū, pa tchuthi cha uchembere, cholera mwana kapena chovulala kuntchito amatengedwa ngati munabwera.

Nanga wogwira masiku ochepa pa sabata?

Nayenso ali nawo, ngakhale eni malo odyera ndi mashopu ena sakonda kukumbutsa. Amene amagwira maola osakwana 30 pa sabata ndiponso masiku osapitirira 4 amalandira molingana ndi masiku ake: wa masiku 4 pa sabata amayamba ndi 7, wa masiku 3 amayamba ndi 5, wa masiku 2 amayamba ndi 3, wa tsiku limodzi amayamba ndi limodzi. Amene amafika maola 30, kapena amagwira masiku 5 pa sabata ngakhale maola ake ali ochepa, amalandira masiku 10 athunthu aja.

Wophunzira wakunja, amene chilolezo chake chimamulola maola 28 pa sabata, akakhalitsa miyezi 6 pa ganyu imodzi, imene kumeneko amati arubaito, ali ndi ufulu wopuma n'kulipidwa.

Kodi abwana angandikanize? Ndiyenera kunena chifukwa?

Chifukwa simuyenera kunena. Pa fomu, anthu ambiri amangolemba kuti shiyō, kutanthauza zapadera za mwini, basi. Kaya mukupita kuchipatala, kaya mukufuna kungogona, lamulo silifunsa.

Kukana kwenikweni kulibe. Chimene abwana ali nacho ndi mphamvu yosuntha tsiku, yotchedwa jiki henkō-ken, ngati kuchoka kwanu tsiku limenelo kungaimitse ntchito. Kusuntha, osati kufafaniza. Ndipo kungonena kuti anthu ndi ochepa chaka chonse sikokwanira, chifukwa kupeza munthu wogwirizira ndi udindo wa kampani. Mbali yanu n'kupempha msanga monga mmene malamulo a pakampani akunenera. Malamulo amenewa amalembedwa m'buku lotchedwa shūgyō kisoku, limene malo alionse okhala ndi antchito 10 kapena kuposerapo ayenera kukhala nalo, ndipo wantchito aliyense ali ndi ufulu woliwerenga.

Pali njira ziwiri zimene zimadabwitsa obwera kumene. Kampani ikagwirizana ndi oimira antchito, ikhoza kukusankhirani masiku ena a yūkyū, mwachitsanzo kutseka ofesi yonse kwa sabata, bola ikusiyireni masiku 5 oti musankhe nokha. Ikhozanso kulola kuti mudule tchuthi m'maola, mpaka kukwana masiku 5 pachaka, zimene zimathandiza kwambiri pokaima pa mzere ku ofesi yoona za anthu olowa m'dziko.

Masiku otsala amapita kuti? Ndingawasinthe ndi ndalama?

Amakhala ndi moyo zaka 2, kenako amafa. Choncho munthu wokhalitsa akhoza kukhala ndi masiku 40 nthawi imodzi, osapitirira apo. Kugula masiku kwa munthu amene adakali pantchito n'koletsedwa, chifukwa kukanaloledwa, palibe amene akanapuma. Kumaloledwa pa masiku owonjezera amene kampani inapereka mwa kufuna kwake, pa masiku amene nthawi yake yatha, ndi posiya ntchito, koma ngakhale pamenepo kampani sikakamizidwa kugula.

Ngati ufulu ulipo, n'chifukwa chiyani anthu satenga?

Apa ndi pamene pepala ndi moyo weniweni zimasiyana. Kwa zaka zambiri, kafukufuku wa unduna woona za umoyo ndi ntchito ankasonyeza kuti antchito ankagwiritsa ntchito pafupifupi theka chabe la masiku awo. Mu 2017 anali masiku 51.1 pa 100 aliwonse.

Mawu amene amafotokoza zambiri ndi meiwaku, kuvutitsa ena. M'maofesi ambiri ntchito ndi ya gulu, ndipo munthu akachoka, katundu wake amagwera anzake a tebulo limodzi. Ndiye wopita ku tchuthi amayamba wapepesa, ndipo pobwerako amabwera ndi bokosi la timabisiketi ta kumene anapitako, totchedwa omiyage, n'kugawira aliyense. Mwambowu ndi wokoma ndithu, ngati wa munthu wochokera kumudzi amene salowa m'nyumba chimanjamanja, koma m'kati mwake muli kupepesa. Onjezanipo abwana amene iwonso sapuma. Wachinyamata angayambe bwanji?

Imfa zobwera chifukwa cha ntchito yopyola muyeso zili ndi dzina lake, karōshi. Nkhani imene inagwedeza dziko ndi ya Matsuri Takahashi, mtsikana wa zaka 24 wogwira ntchito ku kampani yotsatsa malonda ya Dentsu, amene anadzipha pa 25 Disembala 2015 atagwira maola owonjezera oposa 100 pa mwezi. Chaka chotsatira boma linavomereza kuti imfayo inachokera ku ntchito, ndipo mu 2017 khoti linalipiritsa kampaniyo ma yen 500,000, ndalama zimene ambiri anaziona ngati chipongwe. Mkwiyo umenewu unathandiza kukankha malamulo atsopano amene boma la Shinzo Abe linadutsitsa mu 2018.

Kuyambira mu Epulo 2019, kampani iyenera kuonetsetsa kuti aliyense wolandira masiku 10 kapena kuposerapo watengadi masiku 5 pachaka. Ikalephera, chindapusa chimafika ma yen 300,000 pa wantchito mmodzi. Taganizani: dziko lokakamiza anthu kupuma ndi chindapusa. Koma zinagwira ntchito. Pofika mu 2023 masiku a yūkyū ogwiritsidwa ntchito anali 65.3 pa 100, ndipo boma likufuna afike 70. Makampani ena achinyengo anangotenga masiku amene kale anali opuma, monga a m'chilimwe, n'kuwatcha yūkyū. Mukaona zotere, dziwani kuti akuberani masana.

Ndikadwala, pali tchuthi cha matenda?

Ili ndiye funso lofunika kuposa onse, ndipo yankho lake limadabwitsa: lamulo la Japan silikakamiza kampani wamba kupereka tchuthi cholipidwa cha matenda. Ku Malawi, lamulo la ntchito la mu 2000 limapatsa wantchito amene wakwanitsa chaka masabata 4 a malipiro onse ndi masabata 8 a theka akadwala. Ku Japan, chimfine chikakugwirani, mumadula pa yūkyū, apo ayi tsikulo amalemba kuti kekkin, kujomba, n'kudula malipiro.

Ichi ndicho chifukwa china chimene anthu amaumirira masiku awo. Mayi wa ana awiri amene ali ndi masiku 12 sangawamwaze mu Meyi, akudziwa kuti Januwale akubwera ndi fuluwenza. Ndipo makampani ambiri amauza wodwala fuluwenza kuti akhale kunyumba masiku angapo kuti asapatsire ena, masikuwo n'kuchoka pa yūkyū yomweyo. Makampani akuluakulu ena ndi ntchito za boma ali ndi tchuthi cha matenda chapadera, choncho onani m'buku lija la malamulo a pakampani.

Matenda akakula, khomo limasintha. Amene ali pa inshuwalansi ya umoyo ya pantchito, kenkō hoken, amalandira ndalama yotchedwa shōbyō teate-kin. Masiku 3 oyamba otsatizana ndi odikira, ndipo Loweruka, Lamlungu kapena masiku a yūkyū amawerengedwa momwemo. Kuyambira tsiku la 4 mumalandira magawo awiri mwa atatu a malipiro anu, kwa nthawi yofika chaka chimodzi ndi miyezi 6. Wolandira ma yen 300,000 pa mwezi amapeza pafupifupi ma yen 6,667 pa tsiku. Kuyambira mu Januwale 2022, nthawiyi amaiwerenga pophatikiza masiku amene mwalandiradi, choncho wodwala khansa amene amabwerera kuntchito pakati pa mankhwala sataya masiku ake. Dokotala ayenera kulemba pa fomu, kampani nayonso, ndipo ndalama sizibwera zokha popanda kupempha.

Amene ali pa inshuwalansi ya kuboma la mzinda, kokumin kenkō hoken, monga ophunzira ndi odzilemba okha ntchito, kawirikawiri ndalama imeneyi alibe.

Ndikavulalira kuntchito?

Imeneyo ndi nkhani ya rōsai, inshuwalansi imene kampani imalipira yokha. Chipatala simulipira, ndipo kuyambira tsiku la 4 mumalandira 80 pa 100 ya malipiro anu. Ngozi ya pa njira yopita kapena yochokera kuntchito imalowanso momwemu. Kampani siloledwa kukuchotsani pamene mukuchira kuvulala kwa pantchito, mpaka masiku 30 mutabwerera. Abwana akati mungogwiritsa ntchito khadi lanu la chipatala kuti nkhani isamveke, kanani. Kubisa ngozi ndi mlandu.

Masiku a tchuthi cha dziko lonse ndi angati, ndipo aliyense amapuma?

Alipo 16 pachaka, ochuluka ndithu, ndipo ndi amene amabwezeretsa pang'ono kuchepa kwa yūkyū. Otchuka ndi a Golden Week: 29 Epulo, 3 Meyi, 4 Meyi ndi 5 Meyi. Tsiku lobadwa Mfumu Naruhito ndi 23 Febuluwale, ndipo la mapiri, 11 Ogasiti, linayamba mu 2016. Ena anawasunthira dala Lolemba kuti mapeto a sabata atalike, ndipo tchuthi chikagwa Lamlungu, amapuma tsiku la ntchito lotsatira.

Obon, nthawi yokumbukira mizimu ya makolo cha pa 13 mpaka 16 Ogasiti, pamene anthu amabwerera kwawo kukasesa kumanda, si tchuthi cha boma, koma makampani ambiri amatseka. Chimodzimodzi kumapeto kwa chaka, pamene maofesi a boma amatseka kuyambira 29 Disembala mpaka 3 Januwale. Khirisimasi ndi tsiku la ntchito ngati lina lililonse. Wofuna kupita kutchalitchi m'mawa wa pa 25 Disembala adulepo pa yūkyū.

Koma lamulo silinena kuti kampani wamba iyenera kutseka pa masiku 16 amenewa. Chimene limalamula ndi tsiku limodzi lopuma pa sabata, kapena masiku 4 pa masabata 4. Mukagwira ntchito pa tsiku limodzi lalamulolo, malipiro amakwera ndi 35 pa 100. Ovataimu wamba, wopitirira maola 8 pa tsiku kapena 40 pa sabata, amakwera ndi 25 pa 100, ndipo wopitirira maola 60 pa mwezi ndi 50 pa 100.

Mayi woyembekezera amapuma nthawi yaitali bwanji?

Masabata 6 asanachire ngati wapempha, kapena 14 ngati ndi mapasa, ndi masabata 8 atachira. Masabata 8 amenewa ndi okakamiza: kampani siloledwa kumugwiritsa ntchito, kupatula ngati padutsa masabata 6, iye mwini akufuna, ndipo dokotala wavomera. Malipiro sachokera kwa abwana. Inshuwalansi ya umoyo ya pantchito imapereka magawo awiri mwa atatu, ndipo palinso ndalama ya kamodzi yothandiza kulipira kuchipatala, imene inakwera kuchoka pa ma yen 420,000 kufika pa 500,000 mu Epulo 2023.

Pambuyo pake pamabwera tchuthi cholera mwana, ikukyū, mpaka mwana atakwanitsa chaka. Malo akasowa ku sukulu ya mkomba phala, hoikuen, chimatalikitsidwa mpaka chaka ndi theka, kenako zaka 2. Ndalama zimachokera ku inshuwalansi ya ntchito, koyō hoken, kudzera ku maofesi a boma othandiza ofuna ntchito otchedwa Hello Work: 67 pa 100 ya malipiro pa masiku 180 oyamba, kenako 50. Ndalamazi sizidulidwa msonkho, ndipo zopereka za penshoni ndi za umoyo zimaimitsidwa, choncho zimene zimafika m'manja n'zochulukirapo kuposa mmene manambalawo akuonekera. Kuti muyenere, muyenera kukhala mutagwira ntchito pa inshuwalansiyi miyezi 12 m'zaka 2 zapitazo. Kampani ikhozanso, mogwirizana ndi oimira antchito, kupatula amene sanakwanitse chaka.

Kuchotsa kapena kutsitsa mayi paudindo chifukwa cha pakati n'koletsedwa. Kuti zimachitikabe, umboni wake ndi wakuti khalidweli lili ndi dzina, matahara.

Nanga abambo?

Pa pepala, bambo wa ku Japan ali ndi ufulu umene abambo a m'mayiko ambiri angausirire: chaka chathunthu, pa ndalama zofanana ndi za mayi. Makolo onse akatenga, tchuthi chimafika mpaka mwana atakwanitsa chaka ndi miyezi 2. Kwa zaka zambiri ufuluwu unkangogona. Mu Okutobala 2022 anawonjezera tchuthi chapadera cha abambo cha masabata 4 m'kati mwa masabata 8 mwana atabadwa, chimene akhoza kuchidula pawiri. Kuyambira mu Epulo 2025, makolo onse akatenga masiku osachepera 14, amawonjezeredwa 13 pa 100 kwa masiku ofika 28, kukhala 80, zimene zimafanana ndi malipiro onse ofika m'thumba.

Abambo otenga tchuthichi anali 17 pa 100 mu 2022, 30.1 mu 2023, ndi 40.5 mu 2024. Kukwera kotere sikunabwere chifukwa chakuti abwana asintha mtima okha. Ana obadwa akuchepa chaka ndi chaka, boma lili ndi mantha, ndipo makampani akuluakulu tsopano amakakamizidwa kulengeza poyera chiwerengero cha abambo awo otenga tchuthichi. Komabe abambo ambiri amatenga masabata ochepa, pamene amayi amatenga miyezi.

Mwana akadwala, kapena makolo akakalamba?

Kholo lili ndi masiku 5 pachaka osamalira mwana wodwala kapena kupita naye ku katemera, ndipo ndi masiku 10 ngati ana ndi awiri kapena kuposerapo. Kuyambira mu Epulo 2025 zimafika mpaka mwana atamaliza kalasi yachitatu ya pulayimale. Kampani singakane, koma sikakamizidwa kulipira.

Wosamalira wachibale wofunika chisamaliro cha nthawi zonse ali ndi masiku 93 pa wachibale mmodzi, odulidwa mpaka katatu, pa 67 pa 100 ya malipiro kuchokera ku inshuwalansi ya ntchito.

N'zoona kuti amayi amapuma akakhala kumwezi?

Inde. Gawo 68 la lamulo la 1947 lija limati mayi amene zikumuvuta kwambiri kugwira ntchito masiku amenewo akapempha, kampani isamugwiritse ntchito. Kalata ya dokotala siifunika. Kulipira ndi kufuna kwa kampani, ndipo opempha sakwana mmodzi pa amayi 100. Kukauza abwana aamuna nkhani yotere n'kovuta ku Tokyo monga mmene kulili ku Lilongwe.

Kumudzi kukagwa zovuta, andilola kupita?

Tchuthi cha maliro ndi ukwati, keichō kyūka, sichili m'lamulo la dziko. Makampani ambiri ali nacho m'buku lawo, ndipo masiku amatsata kuyandikana kwa ubale: pafupifupi sabata kwa kholo kapena mnzanu wa m'banja, masiku awiri kapena atatu kwa agogo, tsiku limodzi kapena osapatsidwa n'komwe kwa amalume. Apa ndi pamene ife timapunthwa. Mayi aang'ono amene anakulerani kuyambira muli wakhanda, pa fomu ya kampani ndi wachibale wa patali. Fotokozani bwinobwino kwa abwana, ambiri amamva, koma musayembekezere kuti fomuyo imva.

Ulendo wokha, kudzera ku Addis Ababa mwachitsanzo, umadya tsiku lathunthu ndi kuposerapo mbali imodzi. Ndiye wanzeru amasunga masiku 5 kapena 7 a yūkyū osawakhudza. Akatha, pemphani masiku osalipidwa, ndipo mgwirizanowo ulembedwe. Pa bwalo la ndege, onetsani pasipoti ndi khadi lanu lokhalira m'dziko, n'kuchonga pa kapepala kotulukira kuti mukubweranso. Chilolezo chimenechi chimagwira ntchito chaka chimodzi, kapena mpaka tsiku lotha visa yanu ngati lili pafupi kuposa apo.

Ndikusiya ntchito ndili ndi masiku 25 otsala. Nditani?

Atengeni onse. Zimenezi n'zofala moti zili ndi dzina, yūkyū shōka. Munthu amaika tsiku losiya patsogolo, n'kumaliza kupereka ntchito kwa womulowa m'malo, mwezi womaliza n'kukhala kunyumba akulipidwa. Mphamvu ya abwana yosuntha tsiku ija imathera apa, chifukwa palibe kosunthira kupyola tsiku losiya. Wa kontrakiti yopanda malire, lamulo limafuna kuti adziwitse kampani masabata 2 asanachoke, ngakhale mabuku ambiri a makampani amanena mwezi, ndipo ndi bwino kutsata mweziwo ngati mukufuna kusiyana mwamtendere.

Kampani ikakana, kapena ikadula malipiro a masiku amenewo, pitani ku ofesi yoyendera malo a ntchito, rōdō kijun kantokusho, ya dera limene kampaniyo ili. Thandizo lake ndi laulere, ndipo maofesi ena ali ndi masiku a omasulira Chingelezi. Ku Tokyo kulinso malo othandiza alendo otchedwa FRESC ku Yotsuya, amene anatsegulidwa mu 2020. Tengani kontrakiti, mapepala a malipiro, ndi pempho lanu la tchuthi lolembedwa, kaya pa imelo kaya pa pepala, lokhala ndi deti.